Mwana wanga akufuna kuphunzira za matope a pansi pa nyanja

Mayi wina wa ku Kapata, mu Chipata, wafunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi ali mu giredi 12. Akuti akufuna kudzafufuza matope a pansi pa nyanja kuti adziwe mitengo imene inkamera kalekale ndi mmene mchere wa m'madzi unkasinthira. Ife kuno ku Zambia nyanja yamchere tilibe. Kodi adzadyapo chiyani?"

Amayi, mwanayo sakulota ayi. Matope amaunjikana pansi pa nyanja chaka ndi chaka, akale pansi, atsopano pamwamba. Akatswiri amakhoma chipaipi n'kuwatulutsa osawasokoneza. M'matopemo mumakhala mungu wa mitengo ndi udzu, womwe suwola msanga, ndiye akauika pa maikulosikopu amadziwa ngati pamalopo panali nkhalango kapena udzu wokhawokha. Mumakhalanso zigoba za tizomera ta m'madzi totchedwa diatom. Tina timakonda madzi amchere, tina timadana nawo, choncho timaulula nthawi imene madzi a m'nyanja yaikulu analowerera kapena pamene chilala chinavuta. Zaka za matopewo amaziwerenga ndi njira yopimira zotsalira za zamoyo yotchedwa radiocarbon, imene imalekezera pa zaka pafupifupi 50,000; akale kuposa apo amawayeza ndi njira zina.

Kafukufuku wotere amachitika m'nyanja za kugombe, monga St Lucia ku South Africa, koma ngakhale kwa anansi athu wachitikapo. Mu 2005 anaboola pansi pa nyanja ya Malawi, ndipo matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, moti madzi anatsika mamita mazanamazana.

Tsono za pamimba, tisanamizane: ntchito zofufuza matope okhaokha n'zochepa, ndipo ambiri amafika kumeneko pa masters kapena PhD, kawirikawiri kunja ndi sikolashipu. Digiri yoyamba ikhale yotakata. Atha kutenga biology kapena geography, koma ine ndingamukankhire ku geology, maphunziro a miyala ndi nthaka, ya ku School of Mines ku yunivesite ya UNZA. Wa geology, kafukufuku akachedwa, amalembedwa ntchito ku migodi, kwa oboola mijigo, kapena m'mabungwe oona za madzi ndi chilengedwe monga WARMA ndi ZEMA.

Pakali pano alimbikire masamu, chemistry, biology ndi Chingerezi, chifukwa malo a sayansi amalimbiranidwa kwambiri. Zotsatira zikatuluka musachedwe kufunsira loni ku HELSB, bungwe la boma lopereka ngongole za maphunziro apamwamba.