Akapolo atamasulidwa, boma linawapatsa poyambira?

FUNSO: Akonzi, kuno kuchigwa madzi akasefukira boma limabweretsa chimanga ndi mbewu, ena limawapatsanso malo kumtunda. Nanga akapolo atamasulidwa, maboma anawathandizako chotere? Ndine wowerenga wanu ku Nsanje.

YANKHO: Thandizo linalipo ndithu, koma chimene anthuwo ankalirira kwambiri, munda wawowawo, ambiri sanachipeze.

Ku Britain, lamulo la 1833 linamasula akapolo pafupifupi 800,000 m'maiko amene ankawalamulira. Boma linatulutsa mapaundi 20 miliyoni, koma ndalama zonsezo zinapita kwa eni akapolo. Omasulidwa ambiri anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa mabwana omwewo mpaka 1838.

America ndiyo inayesako. Mu Malichi 1865 inakhazikitsa nthambi ya boma yotchedwa Freedmen's Bureau, pansi pa mkulu wa asilikali Oliver Howard, kuti iyang'anire akapolo omasulidwa pafupifupi 4 miliyoni. Inkagawa chakudya, inatsegula zipatala, inathandiza kumanga sukulu, ndiponso inkaunika mapangano a ntchito. Pa sukulupo zipatso zinaoneka.

Zinavuta pa malo. Mu Januwale 1865, William Sherman, mkulu winanso wa asilikali, analamula kuti banja lililonse lipatsidwe maekala osapitirira 40 m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina, Georgia ndi Florida. Anthu anadzala. Chaka chomwecho Pulezidenti Andrew Johnson anabweza ambiri mwa malowo kwa eni akale. Wopanda munda anayamba kulima wa bwana, mbewu ndi chakudya akutenga pangongole. Pokolola bwana ankatenga gawo lake, nthawi zambiri theka, ngongole n'kumeza chotsalacho, munthu n'kulephera kuchoka. Amene akudziwa za thangata sangadabwe nazo. Nthambi ija inatsekedwa mu 1872, ndipo mu 1874 banki ya Freedman's Savings, kumene omasulidwa ankasunga tindalama tawo, inagwa.

Kwathu kuno boma la atsamunda linafika mu 1891, choncho akapolo 84 amene David Livingstone anamasula kwa Mbame mu 1861 anali m'manja mwa amishoni a Bishopu Mackenzie ku Magomero. Bishopuyo atamwalira mu 1862, mishoni inatsikira kwa Chibisa, ku Chikwawa, kumene inakumana ndi njala yoopsa. Amishoni anachoka mu 1863. Mmodzi wa iwo, Horace Waller, anatenga ena mwa omasulidwawo kupita nawo ku Cape Town, ena anatsala m'chigwa muno pansi pa Amagololo, anthu amene anabwera ndi Livingstone.