Maganyu a nyengo mukukhala m'galimoto yogonamo ku America

Achimwene, mwafunsa ngati munthu angamakhale mu RV, galimoto ya bedi ndi khitchini ija, n'kumadalira maganyu a nyengo ku America. Zimatheka ndithu, koma musayese holide.

Ganyu wa ndalama zooneka ndi wokolola sugar beet, mbewu ya mizu imene amapangira shuga, ku Red River Valley, m'malire a North Dakota ndi Minnesota. Amayamba cha pa 1 October, mumagwira maola 12 pa tsiku, ena usiku, kwa masabata awiri kapena atatu. Poimika galimoto amakupatsani ulere. Koma kuzizira kwake, abale! Ine tsiku lina m'bandakucha ndinapeza madzi aundana m'paipi, mpopi osadontha n'komwe, ndinachita kusukusula ndi madzi a m'ketulo. Kukatentha kwambiri kapena mvula ikagwa amaimitsa ntchito, inu n'kumangodikira m'galimoto.

Ganyu wina ndi wa m'malo ochitira kampu nthawi yotentha, koma eni malo ena salipira ndalama. Mumatsuka zimbudzi ndi kulandira alendo, iwo n'kukupatsani poimika, magetsi ndi madzi basi. Funsani maola ake musanavomere.

Chinanso, viza ya alendo ya B-2 silola kugwira ntchito, ngakhale malipiro ake akhale malo ogona chabe.