Funsani Azakhali: Malipiro oyamba ndi zimene amabwera nazo

Mwezi uno ndasankha makalata atatu ochokera kwa achinyamata amene angoyamba kumene kudziyimira paokha. Maina ndawabisa monga mwa nthawi zonse, ndipo makalatawo ndawafupikitsa kuti malo atikwanire.

FUNSO: Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 21 ndipo kwathu ndi ku Thyolo. Nditamaliza Fomu 4 ndinakhala pakhomo kwa nthawi ndithu, koma tsopano ndapeza ntchito yogulitsa m'sitolo ina ku Limbe, kumene ndimalandira K180,000 pa mwezi. Chiyambireni ntchitoyi foni yanga sikhala chete. Amayi akufuna feteleza, mlongo wanga akufuna fizi, achibale ena akudwala, moti pofika pa 10 ndimakhala ndilibe ngakhale ya minibasi. Mnzanga wandiuza za bambo wina wokongoza ndalama za katapila. Kodi ndikakongole, kapena ndiwauze abale anga kuti ndilibe? Ndikuopa kuti adzati tauni yandisintha. Ndine Wothedwa Nzeru, ku Bangwe.

YANKHO: Mwanangu, kwa bambo wa katapilayo usapiteko, ndipo ndayambira pamenepa chifukwa ndi pokhapo pamene ungalakwitse kamodzi n'kulira chaka chathunthu. Okongoza katapila ambiri amawonjezera theka la ndalama zimene watenga pakutha pa mwezi umodzi, ndipo ena amachita kuwirikiza. Ukatenga K50,000 lero, udzabweza K75,000 tsiku la malipiro, kutanthauza kuti mwezi wotsatirawo udzauyamba ndi K105,000 pamene lendi ndi zosowa za kumudzi zili pomwe zinali. Pofika pa 5 udzakhala utabwerera kwa bambo yemweyo kukatenga zochulukirapo. Ambiri a iwo amasunga khadi la kubanki pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi ngati chikole, kotero kuti tsiku la malipiro iwo ndi amene amalawirira pa makina a ATM, mwini ndalama n'kumalandira zotsala ataima panja. Ena amasunga chiphaso cha unzika. Chiphaso chimenecho, chimene unakatenga ku National Registration Bureau, ndi chimene umaonetsa potsekula akaunti, polembetsa simukhadi ndi pofunsira ntchito ina, choncho sichiyenera kugona m'thumba la munthu wina ngakhale usiku umodzi.

Tsopano tibwere kwa abale ako. Sindikhulupirira kuti ndi adyera. Iwo amangomva kuti mwana ali pa ntchito ku Blantyre, koma palibe amene anawauza kuti K180,000 ikafika m'tauni imagawidwa bwanji, ndipo iwe utakhala chete adzapitiriza kuganiza kuti pali zina zimene ukubisa. Gula kope la masamba ochepa ndipo ulembe zonse zimene sungathe kuzithawa: lendi, minibasi yochoka ku Bangwe kupita ku Limbe ndi kubwerera masiku onse a ntchito, ufa, ndiwo, makala, sopo, madzi ndi mayunitsi a magetsi. Uchotseponso kangachepe kosunga, ngakhale K10,000 yokha. Zimene zatsala pamenepo ndizo zimene ungathe kutumiza kumudzi, ndipo zikhale ndalama zofanana mwezi uliwonse, zotumizidwa pa tsiku lodziwika, kwa munthu mmodzi yekha, amene kwa iwe ndi amayi. Wina aliyense akakuyimbira, umuuze mwaulemu kuti za mwezi uno zili kale kwa amayi.

Nkhani imeneyi si yokambira pa foni. Upite ku Thyolo tsiku lako lopuma, utanyamula shuga ndi sopo monga amachitira mwana wolongosoka, ndipo ukhale pansi ndi amayi pamodzi ndi amalume ako. Kwanuko mawu a mwinimbumba amalemera, ndipo amalume akamvetsa, ndi iwo amene adzayankha achibale ena m'malo mwako. Uwaonetse kope lija ndi malipiro ako enieni. Achinyamata ambiri amabisa malipiro awo poganiza kuti akudziteteza, koma kuona kwanga kubisako ndi kumene kumakulitsa ziyembekezo, pakuti munthu amene sanauzidwe nambala amadzipangira yake, ndipo nthawi zonse imakhala yaikulu kuposa yeniyeni.

Pali chinthu china chimene kalata yako ikusakaniza. Matenda ndi maliro zimabwera modzidzimutsa, koma feteleza ndi fizi si ngozi. Aliyense amadziwa kuti feteleza amafunika mvula isanagwe cha mu Novembala, ndiponso kuti fizi imafunika katatu pa chaka kuyambira teremu ya mu Sepitembala. Zinthu zodziwikiratu zotere zimasonkhedwa pang'onopang'ono miyezi ingapo zisanafike. Chimodzimodzinso chimanga: ndalama imene ungatumize mu Meyi kapena Juni, anthu atangokolola, imagula matumba ambiri kusiyana ndi imene ungatumize mu Januwale kapena Febuluwale nkhokwe zitauma. Ukumbukirenso kuti ndalama yathu ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali atasunga ndalama zawo pansi pa matiresi anadzuka zitachepa mphamvu osazikhudza n'komwe. Chimene wasonkhera ukachikwanitsa, chigule msanga chikhale m'nyumba.

Posunga, usadalire foni yokha. Airtel Money ndi TNM Mpamba n'zothandiza potumiza ndi polipira, koma ndalama yokhala m'foni imatuluka mosavuta munthu akakulirira usiku. Banki m'khonde kapena chipereganyu cha anzako a kuntchito zikhoza kukuthandiza kudziletsa, malinga ngati ukuwadziwa bwino anthuwo, malamulo a gululo analembedwa, ndipo ndalama zimawerengedwa pamaso pa onse. Ufunse usanalowe ngati gululo limakakamiza membala aliyense kukongola, chifukwa magulu ena amatero pofuna chiwongoladzanja, ndipo munthu amapezeka ali m'ngongole imene sanaifune. SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kukongoza ndalama) yovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi ndi njira inanso yabwino. Ndipo ukalandira uthenga wa pa foni wonena kuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", usatumize kanthu usanalankhule ndi mwini wake pa nambala imene ukuidziwa.

Ena adzanenabe kuti tauni yakusintha, ndipo adzakukumbutsa kuti kupatsa n'kuika. Usakangane nawo. Pakatha miyezi ingapo amayi akulandira ndalama zawo pa tsiku lake osachita kupempha, mawu amenewo adzachepa okha.

FUNSO: Azakhali, ndine mnyamata wa zaka 23. Ndinaphunzira zokonza galimoto pa sukulu ina ya ntchito zamanja ya pansi pa TEVETA, ndipo ndagwira ntchito pa galaja ina yaikulu ku Lilongwe kwa chaka ndi miyezi iwiri. Mpaka lero sindinalandire kalata ya ntchito. Abwana amati ndidakali poyesedwa, amandilipira pamanja, ndipo masiku ena timagwira Lamlungu popanda chowonjezera. Akuti amandidula za penshoni koma sindinaonepo pepala lililonse. Ndikuopa kufunsa kuti angandichotse. Nditani? Ndine Makaniko, ku Kawale.

YANKHO: Mwanangu, mantha ako ndi omveka pakuti ntchito n'zosowa, koma ndi bwino udziwe kuti lamulo lili kumbali yako kuposa mmene abwanawo akukuonetsera. Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limanena kuti nthawi yoyesedwa kwa munthu waluso ngati iwe isapitirire miyezi 12, choncho mawu akuti udakali poyesedwa anatha ntchito miyezi iwiri yapitayo. Lamulo lomwelo limafuna kuti wantchito apatsidwe pepala lofotokoza ntchito yake, malipiro ake, maola ake ndi tchuthi chake, komanso kuti polandira malipiro azilandira pepala loonetsa zimene walandira ndi zimene zadulidwa. Maola a ntchito pa sabata sayenera kupitirira 48 popanda malipiro owonjezera, ndipo kugwira ntchito pa tsiku lako lopuma kumalipiridwa kuwirikiza kawiri. Munthu wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipiridwa pa chaka, pamene wogwira masiku asanu ali ndi masiku 15. Kusakhala ndi kalata sikukuchotsera ufulu umenewu, koma kumakuvutitsa popereka umboni tsiku limene mwasemphana.

N'chifukwa chake ntchito yako yoyamba, usanalankhule ndi wina aliyense, ndi kusonkhanitsa umboni. Lemba m'kope tsiku limene unayamba ntchito, nthawi imene umalowa ndi kuweruka, Lamlungu lililonse limene wagwira, ndi ndalama zimene walandira mwezi uliwonse. Usafufute mauthenga a pa WhatsApp amene abwana amakuitanira ku ntchito, ndipo ngati mumasaina m'buku polandira malipiro, ujambule tsambalo ndi foni. Kope limeneli lizikhala kunyumba osati m'bokosi la masipanala.

Za penshoni n'zimene zandidetsa nkhawa kwambiri. Kuyambira ndi lamulo la penshoni la 2011, wantchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro ake, ndipo wolemba ntchito amawonjezerapo 10 peresenti kuchokera m'thumba lake, zonsezo n'kutumizidwa ku kampani yosunga penshoni m'dzina la wantchitoyo. Pali olemba ntchito ena amene amadula koma osatumiza, ndipo wantchito amazindikira patapita zaka zambiri. Pa msinkhu wako ukalamba umaoneka kutali, koma ndalama zimenezo ndi zako lero lomwe. Ufunse dzina la kampani imene imasunga penshoni yanu ndi nambala yako ya umembala, kenako upite wekha kukapempha sitetimenti.

Kafunsidwe kake n'kofunika. Usakayambe ndi kutchula malamulo pamaso pa anzako ndi makasitomala, pakuti bwana wochititsidwa manyazi amasaka chifukwa chokuchotsera. Uwapeze ali okha, uwathokoze chifukwa cha ntchito, ndipo uwauze kuti ukufuna kalata ya ntchito ndi pepala la malipiro kuti utsekulire akaunti ku banki, chimene n'choonadi ndithu chifukwa mabanki amafunsa umboni wa kumene umapeza ndalama. Mabwana ambiri amapereka akafunsidwa chotero. Akakana, kapena akakuchotsa chifukwa chofunsa, upite ku ofesi ya zantchito ya boma lanu kukaonana ndi mkulu woona za apantchito, ndipo usachedwe, popeza dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi itatu. Lamulo silimalola kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Nkhani ikakanika kumeneko imapita ku bwalo la Industrial Relations Court, limene lilipo ku Lilongwe komweko.

Pamene ukuchita zonsezi, sunga bwino satifiketi yako ya TEVETA ndipo uyambe kugula zipangizo zako chimodzichimodzi mwezi ukatha. Makaniko wokhala ndi masipanala akeake amalankhula ndi bwana mosiyana ndi amene amabwereka chilichonse.

FUNSO: Azakhali, ndimakhala kwa amalume ku Zomba kuyambira ndili ku sekondale. Tsopano ndayamba ntchito ndipo ndikufuna kukachita lendi, chifukwa pakhomopa amandionabe ngati mwana ndipo geti amatseka 7 koloko madzulo. Kodi ndikulakwa? Ndine Wofuna Ufulu, ku Zomba.

YANKHO: Sukulakwa, mwanangu, koma geti lotsekedwa msanga si chifukwa chokwanira chosamukira mwezi uno. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu poyamba, ndipo kuwonjezera apo ufunika matiresi, mbaula, mapoto, ndowa ndi loko, zinthu zimene kwa amalume umazigwiritsa ntchito osaziwerengera. Dzipatse miyezi ingapo ukuika pambali ndalama yofanana ndi lendi imene ukuyembekeza kulipira. Ukakwanitsa osaikhudza, ndiye kuti nyumba uikwanitsa, ndipo ndalama ya miyezi itatu ija udzakhala uli nayo kale m'manja. Pa nthawi yomweyo uyambe kugula mayunitsi a magetsi kapena thumba la ufa pakhomopo osadikira kuuzidwa, ndipo ukhoza kudabwa kuti nkhani ya geti ikambika mosavuta.

Ukayamba kusaka nyumba, usapereke ndalama kwa dobadoba usanaione ndi maso ako ndi kukumana ndi mwini wake weniweni. Ngati n'kotheka uione mvula ikugwa kuti udziwe ngati denga likudontha ndiponso kumene madzi amadutsa. Ufunse ngati mita ya magetsi ndi mpopi wa madzi n'zogawana ndi ena, ndipo ngati n'zogawana, udziwe mmene amagawanirana bilu, chifukwa mikangano yambiri ya m'malendi imayambira pamenepo. Lendi iliyonse imene walipira ilembedwe ndipo mwini nyumba asaine, ngakhale m'kope wamba, ndipo mugwirizane pachiyambi pomwe kuti wofuna kutuluka kapena kutulutsa mnzake azipereka chidziwitso cha nthawi yaitali bwanji.

Kwa amalume usachoke ngati wothawa. Uwauze mwezi wathunthu usanasamuke, uthokoze iwo ndi akazi awo amene anakuphikira zaka zonsezi, ndipo uwapemphe amalume kuti akaione nyumbayo usanalipire.