Musanatumize ndalama ku fakitale ya ku Guangzhou

Mayi, mwafunsa ngati mungaikhulupirire fakitale ya ku China imene mwaipeza pa Alibaba, msika wa pa intaneti, kuti ikusokereni zikwama za ana asukulu 2,000 zolembedwa dzina la bizinesi yanu, poti sampulo imene akutumizirani ndi yokongola kwabasi. Ine katundu wotereyu ndakhala ndikuitanitsa kwa zaka zingapo, ndipo zimene ndikuuzenizi ndinaziphunzira ndalama zanga zitalowa m'madzi.

Sampulo isakunyengeni. Amaisoka ndi telala waluso kuposa onse pafakitalepo, mosathamanga, ndi nsalu yabwino. Oda yoyamba nayo kawirikawiri imabwera bwino, poti akufuna muzolowere. Zinthu zimayamba kusintha pa oda yachiwiri kapena yachitatu. Ine zikwama zinandifikira ku Limbe zikuoneka ndendende ngati zoyamba zija, mtundu womwewo, chizindikiro chomwecho. Sukulu zitatsegulira, patangotha milungu itatu, mayi wina anabwera kushopu atanyamula chikwama cha mwana wake, lamba litathothoka paphewa. Nditachitembenuza ndinapeza kuti pamene kale ankasoka mizere iwiri asoka umodzi, ndipo nsalu ya mkati inali yopyapyala moti ukaiyang'anitsa kudzuwa kuwala kumadutsa. Zipi nayo inali ina. Palibe amene anandiuza kuti asintha. Anangodyapo pang'ono pachikwama chilichonse, manyazi onse n'kugwera ine, chifukwa dzina lolembedwa pachikwamapo ndi langa.

Ndipo sikuti zimatigwera ife a mabizinesi ang'onoang'ono okha. Mu 2007 Mattel, kampani ya ku America yopanga zidole za Barbie, inachotsa m'masitolo zidole za Fisher-Price pafupifupi miliyoni imodzi chifukwa penti yake inali ndi mtovu wambiri, womwe umaononga ubongo wa ana. Fakitale imene inazipanga, Lee Der ya ku Foshan ku China, inali itagwira ntchito ndi Mattel kwa zaka 15, koma pentiyo inachokera kwa wogulitsa wina amene sanavomerezedwe. Mattel imeneyotu ndi kampani yokhala ndi anthu akeake oyendera mafakitale.

Choyamba dziwani amene mukulankhula naye. Ambiri odzitcha fakitale ndi a dobadoba chabe, amatenga oda yanu n'kukaipereka kwa wina amene simudzamuona. Apempheni chiphaso cha bizinesi, muimbirane pavidiyo pa WeChat, pulogalamu ya pafoni yolumikizirana ya ku China, akuyendetseni mkati momwe muli makina, ndipo dzina la akaunti ya kubanki lifanane ndi la pachiphasocho. Akakuuzani kuti mutumize ndalama ku akaunti ya munthu, imani pomwepo.

Kenako lembani chilichonse. Mawu oti "nsalu yolimba" alibe ntchito. Lembani kuti polyester ya 600D (nambala yosonyeza kukhuthala kwa ulusi wa nsaluyo), zipi nambala yakuti, lamba lisokedwe mizere iwiri. Sampulo zikhale ziwiri, nonse musainepo, ina ikhale kwa iwo, ina kwa inu. Pa mtengo musawafinye mopitirira. Mafakitale a ku China amatha kupanga katundu wapamwamba kwambiri, koma mukawapanikiza amavomera ndi pakamwa, n'kukabweza ndalama yawo pansalu ndi paulusi.

Chachikulu kwa ine ndi kalipiridwe. Mwachizolowezi mumapereka 30 peresenti poyamba, 70 yotsalayo katundu akatha. Ndalama yotsalayo musaitulutse munthu wanu asanakatsegule makatoni pafakitale pomwepo. Alipo makampani a ntchito imeneyi monga SGS, Intertek, Bureau Veritas ndi QIMA. Amasankha okha makatoni, kukoka malamba, kutsegula ndi kutseka mazipi, n'kukutumizirani zithunzi ndi lipoti. Amalipiritsa madola mazana ochepa patsiku, ndipo ndikudziwa kuti ndi mmene dola ikuvutiramu zimawawa. Koma kontena ikangonyamuka, n'kudutsa ku Beira kapena ku Dar es Salaam, inu n'kulipira msonkho ku MRA, katunduyo ndi wanu basi, kubweza kulibe. Chomwe angakulonjezeni ndi kukuchotserani mtengo pa oda yotsatira, kutanthauza kuti mupitirizebe kugula kwa anthu omwe akupwetekaniwo.

Samalaninso ndi nyengo ya chaka chatsopano cha ku China, chakumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale. Mafakitale amatseka milungu ingapo, antchito amapita kwawo ndipo ena sabwereranso, ndiye katundu wa nthawi imeneyo amasokedwa mothamanga kapena ndi anthu ongoyamba kumene.

Ine ndikanakhala inu, mayi, ndikanayamba ndi zikwama 500 ngakhale mtengo wa chimodzi ukwereko, n'kupatsa ana angapo azinyamulire mabuku kwa teremu yathunthu. Mukadzaitanitsa kachiwiri, mudzatumizenso woyendera uja, ndipo mudzamuuze kuti ang'ambe chikwama chimodzi aone mkati mwa lamba.