Kwa achimwene a ku Ngabu ofunsa za fosifolasi pa thonje la dripi

Achimwene, funso lanu ndaliona, mukuti mwaika dripi, mthirira wa mapaipi odontheza madzi, pa munda wa thonje cha ku Ngabu, madzi mukukoka pa mjigo ndi sola, ndiye mukufuna kudziwa ngati feteleza wa fosifolasi alidi ndi phindu komanso ngati mungangomusungunulira mu thanki kuti aziyenda ndi madzi. Phindu lilipo ndithu, koma za mu thankizo chonde taimani kaye.

Fosifolasi ndi amene amathandiza mizu kukhazikika msanga, thonje kuchita maluwa pa nthawi yake ndi njere kukhwima bwino. Akasowa mbewu zimapinimbira, masamba amakhala aang'ono obiriwira moderako, maluwa kuchedwa, zipatso kuchepa. Koma iyeyu ndi wosiyana ndi urea, sayenda m'nthaka, pomwe mwamuika amakhala pomwepo. Tsono pa dripi mizu yambiri imaunjikana pamalo ponyowa paja pansi pa timabowo todontha madzi, ndiye mukamwaza feteleza munda wonse kapena kumuika pakati pa mizere pouma, ndalama zanu zagona pamenepo, thonje silimupeza. Muikeni pobzala, motsatira mzere wa paipi, masentimita 5 kumbali kwa mbewu ndi 5 pansi pake, asakhudzane ndi njere makamaka ngati ndi feteleza wa DAP chifukwa amawotcha timizu tongomera kumene. Kumuika pamodzi chonchi kumathandizanso pa makande athuwa, poti dothi la laimu wambiri limamugwira fosifolasi osamutulutsa, ndiye akamwazika paliponse amagwidwa msanga.

Tsopano za thanki. Kuno kuchigwa mijigo yambiri madzi ake ndi amchere, mukudziwa nokha mmene ena amamvekera mkamwa, ndipo ambiri ali ndi laimu. Fosifolasi akakumana ndi madzi oterewa amapanga zoyera zolimba ngati zija zimamatirira pansi pa ketulo, ndiye tangoganizani zimenezo zili mu timabowo ta dripi tating'onoting'ono tija. Mudzangoona mzere wina ukufota wina uli bwinobwino, pofika pozindikira mapaipi atsekeka kale ndipo kuwatsegula ndi chintchito, mwina kugula ena. Feteleza wa mibulu monga Chitowe, DAP kapena TSP sanapangidwire dripi, samasungunuka yense, asalowe mu thanki olo pang'ono. Ngati mukufunitsitsa kudyetsera m'madzi funsani kwa ogulitsa zipangizo za ulimi wa mthirira feteleza wosungunuka wotchedwa MAP wa 12:61:0 kapena urea phosphate wa 17:44:0 (nambala yapakatiyo ndiyo imaonetsa kuchuluka kwa fosifolasi), wachiwiriyu ndi wowawasa ndiye amagwirizanako ndi madzi a laimu. Koma musanathire yesani kaye mu botolo loonekera mkati, madzi a pa mjigo wanu womwewo ndi fetelezayo pa mlingo womwe mukufuna kugwiritsa ntchito, ligone usiku umodzi. Mukapeza madzi achita mbuu kapena pansi padikha zoyera, musayerekeze. Ndipo musamusakanize thanki imodzi ndi feteleza wa calcium nitrate, awiriwa akakumana ndiye kutsekeka kwake nkwachangu. Mukamaliza kudyetsera siyani madzi okhaokha ayende kanthawi kuti atsuke mapaipi, fyuluta nayo muziyitsuka pafupipafupi.

Za mlingo sindikupatsani nambala ya matumba ine munda wanu ndisanauone, ndipo aliyense amene akupatseni nambala pa gulu pano dothi lisanayezedwe musamumvere. Minda ya kuno ndi yosiyana kwambiri, ya m'mbali mwa Shire yomwe imalandira dothi latsopano madzi akasefukira nthawi zambiri siisowa fosifolasi kwenikweni, pomwe munda womwe walimidwa thonje ndi mapira zaka ndi zaka osathira kanthu ukhoza kukhala wotopa. Pitani kwa alangizi ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, akuthandizeni kutenga dothi likayezedwe, ku Bvumbwe kuli labu ya dothi, ndipo mutumizenso botolo la madziwo. A ku Kasinthula Research Station ku Chikwawa ntchito yawo ndi ya mthirira yomweyi, afunseni, si kutali. Zotsatira zikabwera muziwerenga thumba musanagule, chifukwa 50 kg ya 23:21:0+4S imakhala ndi 10.5 kg ya fosifeti (ndimo amayezera fosifolasi pa thumba), ya 23:10:5+6S+1Zn ili ndi 5 kg yokha, pomwe DAP wa 18:46:0 ali ndi 23 kg. Anthu amangoti ndathira thumba limodzi la wokulitsa osadziwa kuti kusiyana kwake ndi kotere.

Kuchulukitsanso si bwino ayi. Fosifolasi akapyola muyeso pa dothi la laimu thonje limalephera kutenga zinki, masamba atsopano amatuluka aang'ono achikasu pakati pa mitsempha, mlimi nkumaganiza kuti feteleza wachepa nkuthiranso wina, vuto kumangokula.

Ine ndikanakhala inu chaka choyambachi ndikanaika fosifolasi yense pobzala, mu thanki nkumangodutsitsa urea yekha pang'onopang'ono thonje likamayandikira kuchita maluwa, cha pa miyezi iwiri. Ndiye musiye mizere inayi kapena isanu pakati pa munda yopanda fosifolasi koma china chilichonse mofanana, madzi, kupalira, kupopera mbozi, pokolola muyeze pa sikelo payokha. Mizere imeneyo ikuuzani ngati chaka chamawa mugulenso kapena ndalamayo ipite ku mankhwala.

China musaiwale, dripi isakunyengeni kusiya thonje m'munda chaka chonse poti madzi alipo. Lamulo lozula ndi kuwotcha mapesi a thonje mukakolola lilipo chifukwa cha mbozi yofiira ija, munda wanu ukakhala wobiriwira wokha nthawi yomwe anzanu azula ndiye mukuwetera mbozi mudzi wonse. Funsani alangizi kapena a Cotton Council, bungwe loona za thonje, masiku ake enieni musanakonze kalendala yobzalira, ndipo zotsatira za dothi ndi madzi zikabwera mutiponyere pano tiwerengere limodzi matumba.