Zoti mlendo azizungulira mu loji pa webusaiti, zimafuna app?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene akudziphunzitsa yekha JavaScript. Akuti malume ake ali ndi kaloji kunyanja, ndiye akufuna webusaiti yoti mlendo azitha kusuntha ndi chala n'kumaona zipinda mbali zonse ngati walowamo kale asanabuke. Akufunsa ngati izi zimafuna app, komanso ayambire pati.

Achimwene, app musavutike nayo, browser ya mufoni mwanuyo imatha kale zimenezi. Kuyambira 2011 kuli WebGL ya a Khronos Group, imene imalola tsamba kugwiritsa ntchito GPU (kachipangizo kojambula zithunzi) ya foni kapena kompyuta kujambula zinthu za 3D popanda kuika pulogalamu yowonjezera (plugin) ngati nthawi ya Flash ija, yomwe Adobe anaisiya kumapeto kwa 2020. Koma WebGL payokha ndiyowawa, mulemba mizere yambirimbiri kungoti kabokosi kamodzi kaoneke. Anthu ambiri amadutsira pa Three.js, khodi ya JavaScript yolembedwa kale yopeputsa ntchitoyi, imene Ricardo Cabello anaiyamba mu 2010.

Tsono pali chimene ma tutorial a pa YouTube sakuuzani. Ma demo okongola aja amapangidwira pa makompyuta amphamvu, intaneti yake yosadukaduka, pomwe mlendo wanu mwina ali pa itel kapena Tecno, bando yake ndi ya tsiku limodzi ndipo akuiwerengera. Kuti zinthu ziziyenda mosalala browser imajambula chithunzi ka 60 pa sekondi, kutanthauza kuti ntchito yonse ithe mu mamilisekondi 16 ndi pang'ono, mukangopyola pamenepo zimayamba kudodoma, foni yatentha, batire likutsika, munthu watseka tsamba n'kupita kukafunsa mtengo pa WhatsApp kwa eni loji ina.

Ndiye ine ndikanati musayambe ndi kumanga loji yonse mu Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D. Jambulani zithunzi za 360 chipinda chilichonse, chithunzicho chimamatidwa mkati mwa mpira wa 3D, kamera n'kukhala pakati, basi mlendo walowa. A-Frame, chida chopangira masamba a 3D chomwe chinachokera ku Mozilla mu 2015, chimachita izi ndi tag imodzi yokha ya a-sky, mumangolemba ngati HTML wamba. Chipinda chachiwiri chizitsitsidwa pokhapokha munthu akadina pakhomo, osati zonse kamodzi. Mukadzafuna kuika bedi kapena boti la 3D, sungani mu glTF, mtundu wa fayilo ya zinthu za 3D, ndipo mulipanikize ndi pulogalamu ya Draco ya Google kuti lichepe.

Za WebXR, njira yolumikizira tsamba ndi magalasi a VR, dikirani kaye, browser ya Safari ya pa iPhone siyitha n'komwe, ndipo alendo ena amabwera ndi iPhone. WebGPU, njira yatsopano kuposa WebGL, nayo inafika mu Chrome 113 mu 2023, mafoni akale sanaione.

Mukamaliza chipinda choyamba, bwerekani foni yotchipitsitsa pakhomo panu, zimitsani WiFi, mutsegule ndi data. Mundilemberenso kuti chatenga masekondi angati.