Funsani Mmisiri: Kodi ntchito ya sola imafunika sukulu?

FUNSO: Ndimachita geni ya soya ndi mtedza pa Mponela. Mwana wanga wachisamba analemba mayeso a MSCE koma mapointi sanamulole kupita ku yunivesite. Panopa amatsatira bambo wina amene amaika sola m'midzi, ndipo akuti ntchitoyo waidziwa kale, kupita kusukulu n'kutaya ndalama. Ine ndimafuna ndikagulitsa soya chaka chino ndimulipirire maphunziro. Kodi mwanayu akunena zoona? Ngati ayi, ndimutumize kuti?
Mayi wa ku Mponela

YANKHO: Mayi, ndalama ya soyayo isungeni, ntchito yake ilipo. Zimene mwana wanu wadziwa ndi kukwera padenga, kukhoma panelo, kutsitsa waya wofiira ndi wakuda mpaka pa batire. Zimenezo mnyamata wochangamuka amazigwira mwezi usanathe, ndipo anyamata otere tili nawo ambiri pa msika uliwonse. Amene akusowa m'dziko muno ndi munthu amene angakhale pansi ndi pensulo asanagule kalikonse, komanso amene angapeze pamene pafa magetsi akathima.

Mumuyese nokha usiku uno. Muuzeni kuti banja lina lili ndi mababu 4 a mawati 5 oyaka maola 5, TV ya mawati 40 yoonera maola 4, ndi mafoni angapo otchaja. Akuuzeni kuti pafunika batire lalikulu bwanji. Wodziwa adzawerengera, pochulukitsa mawati ndi maola, kuti mababuwo adya mawati-ola 100, TV idya 160, mafoni tingoti 40, zonse pamodzi 300 patsiku. Adzanenanso kuti batire la mavoti 12 lolembedwa 100Ah limasunga mawati-ola pafupifupi 1,200, koma ngati ndi la asidi lija simuyenera kulikama kupitirira theka, apo ayi silikhalitsa. Ndiye mufunseni chimene chichitike mwininyumba akalumikiza ayironi ya mawati 1,000 kuti asite yunifolomu ya ana. Akangoti "zimatheka, bola inveta yaikulu" (inveta ndi chida chosintha magetsi a batire kuti akhale ngati a ESCOM), osaona kuti ayironiyo ikama batire msanga, dziwani kuti sukulu ikumudikira.

Ntchito zambiri zimene ndimaitanidwa masiku ano si zoika sola yatsopano, koma zokonza ya anzathu. Ndimapeza panelo layang'ana kumene denga layang'ana basi, pomwe ife tili kumwera kwa equator ndipo panelo liyenera kuyang'ana kumpoto, lopendekeka pang'ono, madigiri ngati 15, kuti mvula izitsuka fumbi. Ndimapeza batire lalumikizidwa ku panelo mwachindunji popanda charge controller, kachida koletsa batire kudzaza mopitirira muyeso, latupa ngati mtanda wa mandasi. Choopsa kwambiri ndi waya. Katundu wa mawati 300 pa magetsi a ESCOM a mavoti 230 amakoka ma ampu osakwana 2, koma katundu yemweyo pa batire la mavoti 12 amakoka ma ampu 25. Wina amatenga waya wopyapyala wa wailesi n'kuika pamenepo, wopanda ngakhale fyuzi, pansi pa denga la udzu. Palibe amene anamuuza, chifukwa amene ankamutsatirayo nayenso anaphunzira pongoonerera.

Nanga apite kuti? Ine ndinganene kuti ayambe ndi maphunziro a zamagetsi onse, osati sola yokha. Munthu amene wamvetsa kayendedwe ka magetsi, kuyeza ndi multimeter (choyezera magetsi), kuwerenga chojambula cha mawaya ndi kuika earth (waya woteteza wolowa m'nthaka), sola imabwera yokha pamwamba pake, ndipo miyezi imene za sola zazilala amakalumikiza nyumba. Makoleji a boma a ntchito zamanja alipo: Lilongwe, Namitete ndi Salima ndiwo ali kufupi ndi inu, kumpoto kuli Mzuzu ndi Livingstonia, kumwera kuli Soche ndi Nasawa. Kuchokera 2015 boma linayambanso kutsegula makoleji a m'madera m'maboma osiyanasiyana. Bungwe la TEVETA ndilo limayang'anira maphunziro amenewa ndipo limalengeza m'nyuzipepala likafuna kulemba ophunzira atsopano. Pitani ku ofesi yawo ku Lilongwe mukafunse koleji imene ikuphunzitsa zamagetsi ndi za sola chaka chimenecho, komanso za njira imene amayesera anthu amene luso analiphunzirira pa ntchito, chifukwa miyezi imene mwanayu wakhala akukwera madengayi si yotayika.

Chenjezo limodzi. M'matauni mwabuka timasukulu tolonjeza satifiketi ya sola m'masabata awiri. Musanapereke ndalama, funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, ndipo pemphani akuonetseni kumene ana amagwirira ntchito ndi manja. Mukaona bolodi ndi choko basi, popanda mapanelo, mabatire ndi zoyezera, bwererani.

Pepala lili ndi ntchito inanso imene mwana wanu sanaione. Bungwe la MERA ndilo limapereka chilolezo kwa amisiri oika magetsi, ndipo ntchito zonona, za m'zipatala, m'sukulu ndi za mabungwe, zimapita kwa amene ali ndi chilolezocho. Wopanda pepala amangogwira ganyu kwa mwini pepala, n'kulandira ya sopo. Bambo amene akumutsatirayo asamusiye mwachipongwe ayi. Pa holide azibwerera kwa iwo, chifukwa kulankhula ndi kasitomala wa kumudzi, kutchula mtengo ndi kutolera ngongole, zimenezo koleji siphunzitsa bwino.

FUNSO: Ndili Fomu 4 ku Salima. Ndimadutsa pa Nanjoka n'kuona mapanelo ambirimbiri aja, ndipo mtima wanga uli pomwepo. Masamu ndi Fizikisi ndimakhoza. Ndiphunzire chiyani kuti ndidzalembedwe ntchito pamalo ngati amenewo? Anzanga akuti imeneyo si ntchito ya atsikana.
Mtsikana wa ku Salima

YANKHO: Mwanawe, za anzakozo ndisataye nazo malo ambiri. Amayi a m'midzi ya kuno ku Malawi, ena osadziwa kuwerenga, anapitapo ku Barefoot College ku India n'kubwera akuwotcherera timawaya ta nyale za sola ndi manja awo. Magetsi safunsa kuti wagwira chida ndani.

Koma uyenera kudziwa mmene malo ngati a Nanjoka amalembera anthu. Malo amenewo, a kampani ya JCM, amatulutsa mamegawati 60 ndipo anayamba kugwira ntchito mu 2021. Pomanga pamafunika anthu ambiri: okumba, okhoma zitsulo, onyamula. Kumanga kukatha, ambiri amabwerera kwawo. Otsala ndi otsuka mapanelo, otchetcha udzu, alonda, ndi kagulu kochepa ka mainjiniya ndi amisiri odziwa magetsi amphamvu kwambiri, mathiransifoma, mainveta akuluakulu ndi makompyuta amene amaonetsa zimene chida chilichonse chikuchita. Iwe ukufuna kukhala m'kagulu komalizaka.

Ndiye yang'ana ku Mzuzu University, kumene aphunzitsa za mphamvu zongowonjezereka kwa zaka zambiri. Ku MUST ku Thyolo, kumene kuli uinjiniya wa zamphamvu. Kapena ku MUBAS, yomwe kale inkatchedwa Polytechnic, kumene kuli uinjiniya wa zamagetsi. Ukafunsa ine, ndingasankhe zamagetsi zenizeni, chifukwa zitseko zake n'zambiri: EGENCO, imene inapatuka ku ESCOM mu 2017 n'kutenga ntchito yopanga magetsi, ESCOM imene imawagawa, ndi makampani oima paokha.

Kumene kukusowa anthu kwambiri, m'kuona kwanga, ndi ku mabatire akuluakulu ndi kulumikiza magetsi a dzuwa ku gridi, mawaya a magetsi a dziko lonse. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira tinataya mamegawati pafupifupi 130 kamodzin'kamodzi, ndipo kuthimathima kumene kunatsatira aliyense akukukumbukira. Dzuwa linathandiza masana, koma dzuwa lili ndi vuto lake: mtambo ukadutsa mphamvu imagwa mwadzidzidzi, ndipo madzulo pamene aliyense wayatsa, ilo lalowa. N'chifukwa chake pa Golomoti ku Dedza, pamene pali mamegawati 20, anaikapo mabatire a mamegawati 5. Anthu odziwa kuyendetsa ndi kuteteza zida zotere ndi owerengeka kuno, ndipo nthawi zambiri amachita kuitanidwa kuchokera kunja. Ukafika ku yunivesite usanyoze phunziro la kompyuta. Ndipo nthawi yokaphunzira pa ntchito ikakwana, usasankhe ofesi yozizira. Pempha kupita kumene kuli zida, ngakhale kukhale kotentha ngati ku Kapichira.

Mapointi akavuta, njira ya koleji ya ntchito zamanja imene ndauza mayi a ku Mponela ndi yotseguka kwa iwenso. Pa malo opanga magetsi amisiri amafunika ambiri kuposa mainjiniya.

FUNSO: Ndine wapampando wa sikimu ya ulimi wamthirira ku Balaka. Bungwe lina linatiikira pampu ya sola, koma yaima ndipo amene anaikawo sakuyankhanso foni. Amisiri a pafupi akuti sadziwa pampu zotere. Titani?
Wapampando, Balaka

YANKHO: Bambo, kalata yanu ndi imene ndikanakonda akuluakulu okonza maphunziro aiwerenge. Pampu ya sola imafuna munthu mmodzi wodziwa zinthu zitatu: magetsi, mapaipi, ndi chitsime chenichenicho. Maphunziro athu amazigawa zimenezi kwa anthu atatu osiyana, ndipo palibe mwa iwo amakhala kufupi ndi sikimu.

Musalole wina aliyense kuzula pampu asanayang'ane zapamwamba. Pa bokosi loyendetsa pampu pamakhala timagetsi kapena manambala osonyeza vuto. Jambulani ndi foni. Kawirikawiri chimakhala chinthu chaching'ono: kachida kozimitsa pampu madzi akachepa m'chitsime, waya wodyedwa ndi makoswe, polumikizira potentha, kapena mphezi imene inapsereza bokosilo chifukwa earth sanaike. Mapanelo a pampu amalumikizidwa motsatizana ndipo mphamvu yake imatha kufika mavoti mazana angapo, choncho munthu wosadziwa asatsegule bokosi dzuwa lili phwee. Chithunzicho, pamodzi ndi dzina la pampu, pitani nacho ku ofesi ya zamthirira ya boma lanu, kapena funsani ku bungwe la REIAMA la makampani a mphamvu zongowonjezereka kuti akulozereni mmisiri wovomerezeka.

Akabwera wokonzayo, musankhiretu achinyamata awiri a m'sikimu kuti aime naye pambali kuyambira potsegula bokosi mpaka potseka, ndipo lipirani kangachepe kowonjezera kuti awaphunzitse kutsuka mapanelo, kuwerenga timagetsi tija ndi kusintha fyuzi. Akusiyireni chojambula cha mawaya papepala, muchisunge kwa mlembi. Ndipo pa zokolola zilizonse komiti izipatula ndalama ya zokonzera, chifukwa bokosi limenelo likapsa mtengo wake si wosonkha tsiku limodzi.